Bowo Laling'ono Pamwamba pa Nsidze

Amuna anga anali osema mipini. Kulima ankalima monga wina aliyense kwathu kuno ku Bowe, chimanga, mtedza, zaka zina fodya pang'ono, koma anthu ankawadziwa ndi mipini. Munthu khasu likaguluka ankabwera kwathu. Kwawo kunali ku Kasakula, kumapiri a Ntchisi, ndipo anabwera kuno chikamwini ali mnyamata, n'kukalambira pompano. Tinakhala limodzi zaka makumi anayi ndi zitatu. Ana athu amoyo ndi awiri, wamkazi ali ku Joni, wamwamuna ku Mzuzu, choncho pakhomo tinatsala awiriwiri.

Ankanena kuti kusema mpini si ntchito, ntchito ili pa kuboola. Ankaika msuka, mchira wosongoka wa khasu uja, pamoto mpaka ufiire, kenako n'kuulasa pamutu pa mpini pang'onopang'ono. Utsi unkatuluka, ndipo iwo ankadziwa ndi fungo kuti yakwana nthawi yochotsa. Fungo likasintha ndiye kuti mtengo wayamba kupserera m'kati, ndipo khasu lidzagwedera. Wina akafuna kutenga mpini usanathe, ankamuuza kuti mpini wosaboola ndi nkhuni chabe.

Choyamba kuchoka mwa iwo chinali fungo lomwelo. Sabata imodzi anawononga mipini itatu, chinthu chimene sindinachionepo. Tsiku lina ndinawasiyira nyemba pamoto ndikupita kumjigo, ndipo ndinamva kupserera ndikali kumsewu, iwo ali khale pambali pa mphika, osamva kanthu. Ndinakalipa. Anangondiyang'ana.

Kenako zinabwera zina. Munthu amene anali mkulu wa mpingo zaka zambiri anaseka mokweza pakati pa pemphero Lamulungu, anthu atatseka maso. Ankatha kukhala pakhonde kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka osalankhula. Tsiku lina anataya madzi m'mbali mwa njira, amayi akudutsa kuchokera kuchigayo, iwo osatembenuka n'komwe. Ine ndinaganiza zimene aliyense akadaganiza. Atalowa m'nyumba ndinayandikira n'kununkhiza pakamwa pawo ngati pali kachasu.

"Mukundinunkhiza ngati nyama ya dzana bwanji, mayi?" anafunsa.

"Ndikufuna ndidziwe chimene chakulowani."

"Mukachipeza mundiuze. Inenso ndikuchifuna."

Panalibe fungo la mowa. Komabe ndinapitiriza kuwakalipira miyezi ingapo, kuti akundichititsa manyazi pamudzi, kuti ukalamba wawo wabwera moipa. Mutu ankadandaula, makamaka m'mawa, ndipo ndinkawagulira timapiritsi ta pagolosale.

Chimene chinatitengera kuchipatala n'chakuti anagwa m'munda tikukolola, thupi likunjenjemera ngati wa khunyu. Ku chipatala cha mishoni anatisunga masiku awiri, kenako analemba m'buku kuti tipite ku Lilongwe akawajambule mutu. Kumeneko tinadikira masiku angapo. Pabenchi podikira ndinadziwana ndi mayi wina wachikulire, wamkulu kuposa ine, wochokera kumapiri a Ntchisi komweko. Iyenso anali ndi vuto la m'mutu, diso limodzi linali litasiya kuona bwino. Anali wolankhula kwambiri, ndipo ankandigawira chinangwa chophika chimene mwana wake wamkazi ankabweretsa. Ndikumutchula pano chifukwa ndidzakumana nayenso.

Tsiku lotiuza zotsatira, adokotala anatilowetsa m'kachipinda tonse awiri. Anali mwamuna wa msinkhu wa mwana wathu wa ku Mzuzu, wolankhula Chichewa cha kwathu konkuno. Anationetsa chithunzi cha m'mutu mwa amuna anga. Ine sindinkadziwa chimene ndikuona, koma analoza ndi cholembera chinthu choyera, chobulungira ngati kachewere wamng'ono, chili kutsogolo, pamwamba pa mphuno.

"Ichi ndi chotupa," anatero. "Chakhala chikukula pang'onopang'ono, mwina zaka. Chikufinya ubongo ndi mitsempha ya fungo. N'chifukwa chake abambo asintha khalidwe. Si iwo ayi, amayi, ndi chimenechi."

Ndinayang'ana pansi. Ndinakumbukira mphuno yanga pakamwa pawo.

"Monga chikuonekera, si cha mtundu woyenda m'thupi," anapitiriza. "Chikhoza kuchotsedwa. Kale tikadatsegula chigaza mbali yaikulu, ndipo achikulire ngati abambowa ankavutika kuchira, ena sitinkawakhudza n'komwe. Masiku ano, chotupa chikakhala pamalo ngati apa, timaboola bowo laling'ono pano." Anagwira pamwamba pa nsidze yake. "Timalowetsa kachipangizo kokhala ndi diso ndi nyali, n'kumachotsa chotupacho pang'onopang'ono. Chipsera chimabisala m'nsidze momwemu."

Tsiku limenelo amuna anga mutu unali bwino. Anali ndi masiku otero, amdima ndi owala. Anaweramira kutsogolo.

"Ndiye kuti ndinu anzanga," anati. "Inenso ndimaboola."

"Mumaboola chiyani, bambo?"

"Mipini. Koma inu musapsereze."

Adokotala anaseka mpaka kuvula magalasi. Kenako anasiya kuseka n'kutiuza zonse, osabisa. Anati opaleshoni ya m'mutu ndi ya m'mutu basi, ngakhale bowo likhale laling'ono. Munthu wachikulire akhoza osadzuka, kapena kudzuka dzanja kapena mwendo utafooka. Fungo mwina silidzabwerera. Koma tikachisiya, chidzakulabe, chidzatenga maso, kenako chidzatenga munthu. Anati madokotala a ntchito imeneyi ndi ochepa ndipo odikira ndi ambiri, choncho atilemba pamndandanda, ndipo malo akapezeka adzaimba foni. Foni pakhomo pathu inali imodzi, ndipo ndinkasunga ndine. Anati tikadzabwera, abambo adzasaina, koma chifukwa maganizo awo amabwera n'kupita, padzafunikanso chala cha gadiyani, munthu wowayang'anira.

"Pali funso, amayi?"

"Palibe," ndinatero.

Funso linalipo. Adokotala ankati bowo laling'ono kuti anditonthoze, koma ine m'moyo mwanga bowo laling'ono ndimalidziwa pa chimanga. Nankafumbwe saswa njere. Amaboola kabowo kamodzi kosaoneka bwino, njere n'kumaoneka yathunthu, yoyera, koma ukaifinya ndi zala imangophwanyika, m'kati muli fumbi lokhalokha. Chimanga chimene makoswe aluma umachiona, umachotsa poipapo n'kudya chotsalacho. Chofumbwa ndiye chimanamiza. Ndinaganiza kuti akadati adzatsegula pakulu, ndiye kuti adzaona chimene akuchita. Koma kupisa m'mutu mwa munthu kudzera pakabowo, ndinaona amuna anga akubwerera kunyumba athunthu kunja, m'kati atatha. Sukulu ndinalekeza sitandade folo. Ndinachita manyazi kufunsa munthu wophunzira za anankafumbwe. Lero ndikudziwa kuti akadandiyankha bwinobwino, munthu amene anaseka nthabwala ya mipini uja.

Panalinso china, ndipo chimenechi ndicho chinali chachikulu. Kwathu kuno mwamuna ndi wobwereka. Ukhoza kukhala naye zaka makumi anayi, kumubalira ana, kumuchapira, koma akadwala matenda aakulu kapena akamwalira, eni ake amabwera, ndipo eni ake ndi akuchikazi kwawo. Mwini wa amuna anga anali mlongo wawo wa ku Kasakula, alamu anga, mayi wosaseka wamba. Ndinali nditaona ndi maso anga mayi wina wa m'mudzi mwathu amene anadinda chala kuti amuna ake achitidwe opaleshoni ya m'mimba, ndipo sanadzuke. Pamaliro akuchimuna analankhula mawu amodzi okha, akuti tinamva kuti mbale wathu wadwala, sitinamve kuti wapita kumpeni. Mayi uja anawanyamula mawu amenewo mpaka iye mwini kulowa m'manda.

Njira yoongoka inalipo. Ndikadapita ku Kasakula, kukhala pansi ndi alamu, kuwauza zonse, iwo anene. Koma ndinkaopa mbali zonse ziwiri. Akadati ayi, ndikadakhala munthu amene anafuna kuboola mutu wa mlongo wawo. Akadati inde, ndiye kuti tikupita kubowo kuja, ndipo chala chikadakhalabe changa. Choncho titafika kunyumba ndinawaimbira n'kunena theka.

"Akuti chotupa m'mutu, alamu. Atipatsa mankhwala oletsa kugwa."

"Basi?"

"Basi. Akuti tiziona."

Ana ndinawauzanso chimodzimodzi.

Foni inalira mwezi wa Ogasiti, cha m'ma teni m'mawa. Ndinali kuseri kwa nyumba ndikupeta chimanga choti ndithire mankhwala ndisanaike m'matumba. Amuna anga anali pakhonde kutsogolo. Nditaona nambala yachilendo ndinapita kuseri kwa khola la mbuzi. Anali anesi. Anatchula dzina la amuna anga, n'kunena kuti malo apezeka, tibwere Lolemba ndi buku lawo la kuchipatala.

"Tikambirane kaye ndi abale," ndinatero.

"Kambiranani, amayi, koma musachedwe. Odikira ndi ambiri. Ndiimbenso?"

"Imbani."

Anaimbadi, patapita masabata atatu. Ndinali kukhitchini. Ndinaiona nambala ija, ndinaikulunga foni m'chitenje, n'kuipana pakati pa mawondo mpaka inasiya kulira. Inalira kanthawi. Sindinadziwe kuti foni imatha kulira nthawi yaitali chotero. Kuchokera pamenepo sinalirenso.

M'mawa uliwonse ndinkawapititsira madzi osukusula pakhonde. Zinthu zambiri anali ataiwala, masiku a sabata, mayina a adzukulu, nthawi zina ngakhale kumene kuli chimbudzi. Koma ichi sanaiwale. Ankasambitsa nkhope, n'kupukuta ndi manja, kenako n'kufunsa.

"Aimba?"

"Sanaimbe."

"Chabwino. Ali ndi mipini yambiri anzanga aja."

Mawa lake chimodzimodzi. Nthawi zina ankagwira pamwamba pa nsidze ndi chala, ngati akuyeza pamene padzakhale bowo. Tsiku lina ndinayesa kuwalowa m'maganizo.

"Inu bambo, simukuopa? Munthu wamkulu ngati inu kukuboolani mutu?"

"Kuopa ndikuopa. Koma ndikufuna ndimvenso fungo la mvula."

"Adokotala anati mwina silibwerera."

"Anati mwina."

Ndinatenga beseni n'kukataya madzi.

Alamu anabwera mwezi wa Novembala, mvula isanagwe, atanyamula kachewere ndi nyemba za kwawo. Anakhala masiku atatu. Tsiku lachiwiri ndinapita kuchigayo, n'kuwasiya awiriwo pansi pa mtengo wa mango kuseri, mlongo ndi mlongo wake. Pobwerera ndinawapeza ali chete. Alamu maso anali ofiira, ndipo ndinaganiza kuti n'chifukwa choona mmene mlongo wawo anathera. Tsiku lonyamuka ndinawaperekeza mpaka pamsewu. Tikudikira galimoto anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Alamu, palibe chimene mukufuna kundiuza?"

"Palibe. Muzingotipempherera."

"Chabwino," anatero. Anakwera osanditsanzika ndi dzanja.

Dzinja limenelo ndinalima ndekha. Maso awo anayamba kuchita chifunga, loyamba lamanzere, kenako lamanja. Ankayenda akugwira khoma. Mipini imene anasema isanabooledwe inali mtolo pakona m'chipinda chosungira katundu, isanu ndi umodzi, ndipo anthu anasiya kubwera kudzafunsa. Cha mu Malichi, chimanga chikukhwima, m'mawa wina anasambitsa nkhope, kupukuta, n'kukhala chete. Ndinaima ndi beseni kudikira funso lija. Silinabwere. Mawa lake silinabwerenso.

Ndinapepukidwa mumtima. Izi sindinauzepo munthu, ndikuzilemba pano koyamba. Amuna anga anali atalowa mumdima moti sangathenso kufunsa za moyo wawo, ndipo chimene ndinamva ine n'chakuti sindidzanamanso m'mawa uliwonse.

Mwana wathu wa ku Mzuzu anabwera patchuthi nyengo yozizira itatha. Ataona bambo ake sanafune kumva zambiri, anapeza galimoto tsiku lotsatira. Tinawanyamula ngati mwana. Ku Lilongwe tinakumana ndi adokotala omwe aja. Anawajambulanso, anawayeza mtima ndi chifuwa, kenako anatiitana. Anati chotupa chakula kwambiri ndipo chakuta mitsempha ya magazi, moti bowo laling'ono silingathenso kuchifikira bwino. Kutsegula pakulu, thupi lawo silingapirire, lafooka. Anati chotsala n'kuwasamala kuti asamve ululu.

"Koma munawaona chaka chatha," anatero mwana wanga. "Chinavuta n'chiyani?"

Adokotala anatsegula mapepala awo. Ndinaona chala chawo chikuima pamzere wina. Anakweza maso n'kundiyang'ana. Sanali maso aukali. Kenako anatseka mapepala aja.

"Achimwene, tiyeni tione zimene tingawachitire lero," anatero.

Sanandiyalutse. Pobwerera, njira yonse kuchokera ku Lilongwe mpaka ku Mponela, mwana wanga ankanena za zipatala zathu, kuti zimachedwetsa anthu mpaka afe, kuti munthu wakumudzi samuwerengera. Mutu wa bambo ake unali pamiyendo panga. Ndinamusiya anyoze anthu amene anaimba foni kawiri.

Anamwalira mwezi wa Okotobala, masana, kukutentha. Ndinali ndikuwamwetsa phala ndi supuni, anameza kawiri, kachitatu sanameze. Maliro anapita kwawo ku Kasakula monga mwa mwambo. Palibe amene anandinena. Woyankhula wa kuchimuna anandiyamika pamaso pa anthu, akuti mayi awa asamala mbale wathu mpaka mapeto, sanamutaye. Amayi a mpingo anavomera pansipansi. Ndinafunda chitenje kumutu, ndipo anthu anaganiza kuti ndi chisoni chokha.

Chaka chotsatira, tikumaliza kukolola, kunali msonkhano wa amayi a mpingo ku Ntchisi, ndipo anzanga anandikakamiza kuti ndipite, ndisamangokhala m'nyumba. Tsiku lachiwiri m'mawa ndili pamzere wa kumjigo, ndinamva wina akundikoka chitenje.

"Si inu a ku Bowe? A pabenchi paja?"

Anali mayi wa chinangwa uja. Anali atanenepa. Pamutu anali ndi ndowa yodzaza madzi, pamutu pomwepo. Anaitula kuti tipatsane moni bwino, ndipo ndisanafunse anagwira dzanja langa n'kuika chala changa pa nsidze yake.

"Papasani apa. Mwapamva? Ndi pomwepo basi. Adzukulu anga amati agogo mukunama, munangogwa pa njinga. Diso ili silinabwerere lonse, ndimaona ngati kuli utsi, koma mutu uja unasiya. Masiku asanu ndinali nditayamba kukangana ndi anesi za mchere wa m'ndiwo." Anaseka. "Nanga abambo aja, a nthabwala aja?"

"Anatisiya chaka chatha."

"Pepani, mayi. Pepani ndithu. Opaleshoni sinayende bwino?"

Pansi pa chala changa panali kamzere kolimba, kobisika m'tsitsi la nsidze, kosafika kutalika kwa chala chaching'ono. Ndinachotsa dzanja.

"Sinayende," ndinatero.

Ndikudziwa kuti matenda safanana. Chotupa chake sichinali cha amuna anga, ndipo mwina iwo akadapita Lolemba lija sakadadzuka. Adokotala ananena okha. Ndadziuza zimenezi kambirimbiri ndipo ndi zoona. Koma zimene ndinamuuza mayi uja pamjigo zinali zabodza, ndipo linali bodza latsopano, lopangidwa munthu ali kale m'manda. Ndinaona kuti bodzali silinathe ndi maliro, likubereka. Msonkhano utatha anzanga anakwera galimoto yobwerera ku Dowa. Ine ndinakwera njinga yamoto ya ku Kasakula.

Alamu ndinawapeza pabwalo akusenda mtedza. Anandipatsa mpando, ine ndinakhala pansi pamkeka. Titapatsana moni sindinadikire madzi.

"Alamu, ndabwera ndi mlandu wanga. Adokotala sananene kuti tiziona. Anati akhoza kuchotsa chotupa chija, kuboola pang'ono apa. Anaimba foni kawiri kuti tibwere. Koyamba ndinazengereza, kachiwiri sindinayankhe. Achimwene anu ndinkawauza kuti sanaimbe. Inu ndinakubisirani, ana ndinawabisira."

Manja awo sanasiye ntchito. Anaswa makoko atatu kapena anayi.

"Ndikudziwa," anatero.

Ndinakweza mutu, iwo anapitiriza.

"Anandiuza okha, tsiku lija munapita kuchigayo. Anati, mlongo wanga, mphuno yafa, maso akufa, koma khutu silinadwale. Foni inalira kuseri kwa nyumba, ndinaimva, ndinamvanso mapazi akupita kukhola. Inaliranso kukhitchini, ngati yatsekedwa pakamwa."

"Nanga bwanji ankandifunsabe?"

"Inenso ndinawafunsa zomwezo. Anati, ndimafunsa kuti tsiku lina akadzalimba mtima apeze poyambira."

Nkhuku inabwera kudzajompha mtedza, anaiingitsa ndi phazi.

"Ine ndinapsa mtima," anapitiriza. "Ndinati ndikudikira abwere kuchigayoko ndiwafunse pamaso panu, kenako ndikutengani ndekha ku Lilongwe, chala ndikadinda ine, mwini wake ndine. Anandigwira mkono. Anati ayi. Ndikadzuka wopuwala, wondisambitsa ndi kunditembenuza si inu, muli ku Kasakula inu. Ndi mayiwa. Zaka makumi anayi zapitazi mwini wanga ndi amene amandipatsa madzi m'mawa. Chala chikhale chawo. Musawafunse, akuopa. Anandilumbiritsa."

Ine amene ndinakhala chaka chonse ndikuopa kuti eni ake adzati chiyani, sindinadziwe kuti munthuyo anali atandipatsa kale umwini wake, ali khale pansi pa mango, ine ndili pamzere wa chigayo. Sindinalire nthawi yomweyo. Ndinangoyang'ana makoko a mtedza pamkeka.

"Pamsewu paja ndinakufunsani," anatero alamu.

"Munandifunsa."

"Ndinayenera kuswa lumbiro lija. Munthu mutu ukudwala, ine n'kumumvera. Nanenso ndili ndi gawo langa, ndimalisenza. Koma lanu ndi lanu, alamu, sindikusenzerani."

"Sindinabwere kuti mundisenzere."

"Mwabwerera chiyani?"

"Kuti pakhale munthu mmodzi amene sindikumunamiza."

Anandiyang'ana monga anandiyang'anira pamsewu paja. Kenako anakankhira lichero pakati pathu.

"Kukhululuka sindinganene lero, ndinganame. Sendani mtedzawu, dzuwa likupita. Mugona konkuno. Mawa tikaone manda, udzu wamera."

Tinasenda mpaka dengu linadzaza. Mawa lake tinapempha chilolezo n'kupita kumanda ndi makasu awiri. Khasu limene anandipatsa mpini wake ndinauzindikira m'manja ndisanauyang'ane. Tikulambula, alamu anati ana ayenera kumva kuchokera pakamwa panga, osati pawo, ndipo ndisadikire chaka china.

Wa ku Mzuzu ndinamuuza nditangofika kunyumba. Ndinamuuzanso kuti adokotala aja ndi anesi analibe mlandu, ndipo mawu onse amene ananena m'galimoto muja anayenera kugwera ine. Anadula foni. Anakhala miyezi iwiri osaimba. Tsopano amaimba, amafunsa za mbuzi ndi za denga, koma sananditchulebe amayi monga ankatchulira kale, amangoyamba ndi nkhani. Wa ku Joni analira, kenako anati mwina akadakhala iye akadaopanso. Sindikudziwa ngati ananena zoona kapena anangondimvera chisoni.

Anthu a m'mudzi akadali kundiyamika kuti ndinasamala amuna anga. Ndikawauza kuti si zonse, amati ndi chisoni chikundilankhulitsa. Mayi wina wa kuseri kwa phiri, amene amuna ake auzidwa za opaleshoni ya m'mutu, anabwera kudzandifunsa maganizo poti ine ndinadutsamo. Sindinamuuze kuti avomere kapena akane. Ndinamuuza kuti funso limene akuchita nalo manyazi akafunse lomwelo, ngakhale likhale la anankafumbwe, ndipo foni ikalira akaiyankhire pamaso pa mwini mutu.

Mvula yoyamba itagwa chaka chimenecho, mpini wa khasu langa unathyoka pamzere wachitatu. Ndinalowa m'chipinda chosungira katundu n'kumasula mtolo uja. Ndinakoleza moto kuseri, kuika msuka mpaka unafiira, monga ndinkawaonera zaka zonse zija. Woyamba ndinafulumira, unang'ambika. Wachiwiri ndinapita pang'onopang'ono, ndikununkhiza utsi, koma sindinadziwe fungo limene iwo ankalidikira, ndipo ndinapsereza pang'ono. Khasu limagwedera. Ndinakhomera kachitsulo m'mbali, ndipo ndi limene ndikulimira. Yatsala inayi.